THOMAS CRANMER, MUNTHU AMENE ANABWEZA MAU ACE KAWIRI

Akuru a kale anati madzi akatayika saoleka, ndipo mwambi umenewu umanenedwa kawirikawiri pa nkhani ya mau, pakuti mau akaturuka m'kamwa sabwereranso m'menemo. Cinkana ziri tero, pa bwalo la milandu pamamveka munthu alikubweza mau ace, ndipo omvera amatsala ndi funso m'mtima: kodi wabweza cifukwa wazindikira kuti ananama, kapena cifukwa wina wamuopsa? Pakuti kubweza mau kuli kwa mitundu iwiri. Kwina ndiko kwa munthu wolapa, amene ataya bodza nabwerera ku coonadi. Kwina ndiko kwa munthu wamantha, amene ataya cimene acidziwa kuti ncoona kuti apulumutse moyo wace. Mitundu yonse iwiriyi inaoneka mwa munthu mmodzi m'masabata owerengeka a caka ca 1556. Munthuyo ndiye Thomas Cranmer, Bishopu Wamkuru wa ku Canterbury.

Ubwana ndi maphunziro ace

Cranmer anabadwa pa 2 July 1489 m'mudzi wa Aslockton, m'cigawo ca Nottinghamshire, m'dziko la England. Atate wace anali mwini minda, koma cuma cao cinali cosacuruka. Ndipo monga mwa mwambo wa dzikolo minda inayenera kugwera mwana wamwamuna woyamba, kotero Thomas ndi mphwace Edmund anawalozera ku nchito ya Mpingo. Pofika zaka 14, atate wace atamwalira kale, mnyamatayo anamuka ku Jesus College, ku Yunivesite ya Cambridge, nakhala komweko zaka zoposa 25, poyamba wophunzira, pambuyo pace mphunzitsi.

Sanali munthu waliwiro pa maphunziro. Anali kuwerenga pang'onopang'ono, colembera ciri m'dzanja, nalemba m'mphepete mwa mabuku zimene anazipeza; ndipo maganizo ace anali kusintha mocedwa, atayesa mbali zonse. Akali mnyamata anakwatira mkazi dzina lace Joan, nataya malo ace pasukulupo, pakuti malowo anali a anthu osakwatira okha. Koma mkaziyo anamwalira pa kubala mwana wace woyamba, ndipo anzace anambwezera malo ace. Pofika caka ca 1520 anali atadzozedwa unsembe, ndipo mu 1526 analandira ulemu wa Dotolo wa maphunziro a zaumulungu.

Mlandu wa ukwati wa mfumu

Akadakhala masiku a mtendere, munthu wotere akadakalamba pakati pa mabuku ace, osadziwika ndi ambiri. Koma Mfumu Henry VIII anali ndi nkhani yomsowetsa tulo. Mkazi wace, Catherine wa ku Aragon, anali wamasiye wa mkuru wace Arthur, ndipo mwa ana onse amene anambalira anakhala ndi moyo mmodzi yekha, mwana wamkazi dzina lace Mary. Henry anafuna mwana wamwamuna wolowa ufumu, anafunanso kukwatira Anne Boleyn. Tsono anapempha Papa aweruze kuti ukwati wace woyamba unali wosaloleka kuyambira paciyambi. Papa anazengereza, popeza Catherine anali mng'ono wa amace a Mfumu Yaikuru Charles V, amene ankhondo ace anafunkha mzinda wa Roma mu 1527.

Mu 1529, pothawa mliri umene unagwa ku Cambridge, Cranmer anakhala ku Waltham, nakomana kumeneko ndi atumiki awiri a mfumu, Stephen Gardiner ndi Edward Foxe. Pokambirana anawapatsa nzeru yakuti aleke kulindira mabwalo a ku Roma, koma afunse aphunzitsi a Malembo m'mayunivesite a ku Ulaya. Mauwo anafika kwa Henry namkondweretsa, ndipo kuyambira pamenepo Cranmer analowa nchito ya mfumu. Mu 1532 anatumidwa kukhala kazembe kwa Charles V. Ali ku Nuremberg anaona ndi maso ace mapembedzedwe a otsata Martin Luther, nakwatira m'seri Margarete, mbale wa mkazi wa mlaliki Andreas Osiander, ngakhale lamulo la Mpingo linaletsa wansembe kukwatira.

Caka comweco Bishopu Wamkuru William Warham anamwalira, ndipo Henry anasankha Cranmer kulowa m'malo mwace. Anadzozedwa pa 30 March 1533. Tsiku limenelo, asanalumbire kumvera Papa monga mwa mwambo, ananena pamaso pa mboni kuti lumbirolo silidzamletsa kumvera lamulo la Mulungu ndi la mfumu yace. Motero anayamba ukuru wace ndi lumbiro limene analibweza asanalilumbire. Pa 23 May 1533, ku Dunstable, anaweruza kuti ukwati wa Henry ndi Catherine suyenera kuwerengedwa ukwati. Mary, pokhala ndi zaka 17, anaona amace akucotsedwa ulemu, ndi iye mwini akuyesedwa ngati mwana wapathengo. Sanaiwale ai, mlandu suola.

Wotumikira mfumu youma mtima

Kuti moyo wa Cranmer umveke bwino, ciphunzitso cimodzi cimene anacigwira ndi mtima wonse ciyenera kudziwika. Iye anakhulupirira kuti Mulungu anapatsa mfumu ya Cikristu ulamuliro pa zonse za m'dziko lace, pa Mpingo pomwe, ndi kuti kumvera mfumu ndiko kumvera Mulungu. Cifukwa cace anakondwera ndi lamulo la 1534 limene linacha Henry mutu wa Mpingo wa ku England. Cifukwa comweco anacitanso zinthu zimene zinamlemera. Mu 1536 anathetsa ukwati wa Anne Boleyn, umene iye mwini anaubvomereza zaka 3 zapitazo, ndipo mkaziyo anadulidwa mutu patapita masiku awiri. Mu 1540 anathandizanso kuthetsa ukwati wa Anne wa ku Cleves.

Sanali wouma mtima monga mbuye wace. Pamene Thomas More ndi Bishopu John Fisher anakana lumbiro limene mfumu inafuna, Cranmer anapempha kuti aloledwe kulumbira mbali imodzi yokha imene cikumbu mtima cao cikadailola. Pempholo linakanidwa, ndipo onse awiri anaphedwa mu 1535 osabweza mau ao. Analemberanso mfumu makalata onenera zabwino Anne Boleyn ndi nduna Thomas Cromwell pa nthawi imene ena onse anawathawa. Komatu manja ace sanali oyera konse. Mu 1533 anaweruza nao mlandu wa John Frith, mnyamata wophunzira amene anakana kuti mkate ndi vinyo wa Mgonero zisandulika thupi ndi mwazi weniweni wa Kristu. Cranmer anamdandaulira kuti abweze mau ace. Frith anakana, natenthedwa pa 4 July. Zitapita zaka zoposa 10, Cranmer mwini anafika pa ciphunzitso cofanana ndi ca Frith. Mu 1550 mkazi wina, Joan Bocher, anatenthedwanso atatsutsidwa ndi bwalo limene Cranmer anakhalamo. Amene anadzafunsidwa kubweza mau pafupi ndi moto anali atafunsa ena comweco.

Pa 28 January 1547 Henry anamwalira. Pamene anali kutsirizika, wosathanso kulankhula, Cranmer anampempha cizindikiro cakuti akhulupirira Kristu, ndipo mfumuyo inafinya dzanja lace.

Nchito imene inatsala

Cokhumba cacikuru ca Cranmer cinali cakuti munthu wamba amve Mau a Mulungu ndi kupemphera m'cinenero cace. Baibulo lalikuru la Cingelezi linasindikizidwa mu 1539 kuti liikidwe m'machalichi, ndipo iye analemba mau oyamba a kope la 1540. Mu 1544 anaturutsa mapembedzero oyamba a m'Cingelezi ololedwa ndi mfumu. Pamene Edward VI analowa ufumu, ali mwana wa zaka 9, njira inatseguka. Mu 1549 linaturuka buku la mapemphero lochedwa Book of Common Prayer, ndipo mu 1552 linakonzedwanso. M'bukumo munali mapemphero a m'mawa ndi a madzulo, Masalmo ogawidwa kuti atsirizike mwezi uli wonse, mawerengedwe a Malembo a caka conse, ndi dongosolo la Mgonero, ubatizo, ukwati ndi maliro. Ansembe analoledwa kukwatira, ndipo Cranmer anaonetsa poyera mkazi wace amene anambisa zaka zambiri. Mu 1553 anatsiriza mfundo 42 za cikhulupiriro. Si onse anakondwera: anthu a ku Devon ndi ku Cornwall anaukira bukulo mu 1549, ndipo zikwi zingapo anaphedwa ndi ankhondo a boma.

Edward anamwalira pa 6 July 1553 ali ndi zaka 15. Asanafe anafuna kuti ufumu ulumphe Mary ndi kupita kwa Jane Grey. Cranmer anakayika, pakuti anali atalumbira kusunga cifuniro ca Henry cakuti Mary adzatsate Edward. Koma mfumu yodwalayo itamuumiriza, anaika dzina lace pa kalatayo. Jane analamulira masiku 9 okha, ndipo dziko linalandira Mary, amene anatsimikiza mtima kubwezera England pansi pa Papa.

M'ndende

Ambiri anathawira kutsidya kwa nyanja, ndipo Cranmer analangiza anzace kutero, koma iye mwini anatsala. Pamene mbiri inabuka yakuti wabwezeretsa Misa ku Canterbury, analemba kalata yoikana molimba. Pa 14 September 1553 anatsekeredwa m'ndende ya Tower ku London, ndipo pa 13 November anatsutsidwa pa mlandu wopandukira ufumu. Koma Mary anafuna kuti afe monga wophunzitsa zopotoka. Mu March 1554 anamtengera ku Oxford, ku ndende ya Bocardo, pamodzi ndi Nicholas Ridley ndi Hugh Latimer. Mlandu wace pamaso pa nthumwi ya Papa unayamba pa 12 September 1555, ndipo anadziyankhira molimba mtima. Pa 16 October anamkweza pamwamba kuti apenye Latimer ndi Ridley alikutenthedwa. Latimer anafa msanga. Koma moto wa Ridley unayaka moipa, ndipo anazunzika nthawi yaitari.

Pamenepo omsunga anasintha macitidwe ao. Mu December anamturutsa m'ndende namkhazika m'nyumba ya mkuru wa Christ Church, kumene anadya bwino ndi kuceza ndi anthu ophunzira monga masiku ace a ku Cambridge. Wansembe wa ku Spain, Juan de Villagarcía, anali kukambirana naye kawirikawiri. Pakadafunda padajiwitsa galu: cimene kuzizira kwa ndende kunalephera m'zaka ziwiri, cifundo cinacicita m'masabata owerengeka. Ndiponso panali mfundo imene Cranmer sanathe kuimasula. Zaka 20 anaphunzitsa kuti Mpingo uyenera kumvera mfumu. Tsopano mfumukazi ndi Nyumba ya Malamulo analamulira kuti Mpingo umvere Papa. Akakana Papa, akana mfumukazi, naphwanya ciphunzitso cace. Akamvera mfumukazi, ataya zonse zimene anazimanga.

Makalata 6

Kuyambira kumapeto a January kufikira pakati pa February 1556 analemba makalata 4 afupiafupi, ogonjera mfumu ndi mfumukazi ndi kubvomereza Papa. Koma mau ace anali ozemba, ndipo adani ace sanakhute nao. Pa 14 February anambveka zobvala za ubishopu zosokedwa ndi nsaru yacabe, namubvula cimodzicimodzi, nammeta tsitsi, napala zala zace pamene anadzozedwa, nambwezera ku Bocardo. Lamulo la kumtentha linaturuka pa 24 February. Patapita masiku awiri anaika dzina lace pa kalata yacisanu, ndiyo ya kubweza kwenikweni: anakana Luther ndi Zwingli, nabvomereza ulamuliro wa Papa ndi ciphunzitso ca Roma ca Mgonero. Pa 18 March anaika dzina pa kalata yacisanu ndi cimodzi, m'mene anadzinenera wozunza Mpingo ndi gwero la zoipa zimene zinagwera dziko, kuyambira pa mlandu wa Catherine.

Monga mwa cizolowezi ca mabwalo a Mpingo a masiku amenewo, munthu wobweza mau ace pa mlandu wotere sanali kutenthedwa. Koma Mary sanalole kumcitira cifundo. Anafuna zonse ziwiri, kubweza kwace ndi imfa yace, kuti dziko lonse lione mtsogoleri wa okonzanso Mpingo alikukana nchito yace ndi pakamwa pace.

Tsiku la 21 March 1556

M'mawa mwa tsikulo kunagwa mvula, kotero ulaliki unacitikira m'chalichi ca St Mary. Cranmer, nkhalamba ya zaka 66, anaimikidwa pa nsanja pandunji pa mlaliki, atabvala zobvala zakutha, misozi iri cucucu. Henry Cole analalikira, nafotokoza cifukwa cace munthu wolapa ayenera kufabe, nalonjeza kuti adzamcitira Misa atamwalira. Atatha, anaitana Cranmer kuti abvomereze cikhulupiriro cace pamaso pa anthu. Mau amene anayenera kunena anali atalembedwa ndi kuonedwa kale.

Cranmer anagwada napempha cikhululukiro ca macimo ace. Ananyamuka nalangiza anthu kuti asakonde dziko lapansi, amvere mfumu ndi mfumukazi, akondane, ndi kuti olemera akumbukire osauka. Zonsezi zinali monga mwa kalata. Koma pofika pa cinthu cimene anati cinabvuta cikumbu mtima cace koposa zonse za moyo wace, anapatuka. Cinthuco, anatero, cinali makalata amene anawalemba motsutsana ndi coonadi cimene anacikhulupirira m'mtima, poopa imfa. Anawakana, nanena kuti dzanja limene linawalemba lidzayamba kupsa. Anakananso Papa, natsimikiza kuti pa za Mgonero akhulupirirabe zimene anaphunzitsa m'buku lace lotsutsa Gardiner.

M'chalichimo munabuka phokoso lalikuru. Anamtsitsa pa nsanja, namuka naye kumene Latimer ndi Ridley anafera, ansembe a ku Spain alikumkumbutsa m'njira za dzina lace limene linali pa makalata. Anammanga ku mtengo ndi unyolo. Moto utayamba kukwera, anatambasula dzanja lace lamanja naliika m'lawi, naligwira pomwepo kuti onse aone likupsa thupi lisanakhudzidwe. Mboni ina ya Cikatolika imene inalipo inalemba za cinthu cimeneci ndi za kulimba mtima kwace. Anafa alikupereka mzimu wace kwa Ambuye Yesu, monga anacitira Stefano. M'mawa mwace Reginald Pole anadzozedwa Bishopu Wamkuru wa ku Canterbury.

Boma linasindikiza makalata onse 6 pamodzi ndi mau amene anayenera kunena, losachulapo zimene ananenadi. Koma amene anaona anali ambiri, ndipo mbiri inawanda. Mary anamwalira pa 17 November 1558, anthu oposa 280 atatenthedwa m'ufumu wace. Mu 1559 Mfumukazi Elizabeth anabwezeretsa buku la mapemphero; kope la 1662 linasunga mau ambiri a Cranmer, ndipo linamasulidwa m'zinenero zambiri, ndi m'Cinyanja momwe. Nkhanza sizinathere pa Mary, pakuti m'masiku a Elizabeth ansembe a Cikatolika anaphedwa naonso. Mu 2008, m'chalichi comwe cija ca St Mary, munaikidwa cikumbutso cimodzi ca ofera cikhulupiriro a mbali zonse ziwiri.

Tanthauzo la kubweza mau

Ena amati kubweza kwaciwiri kwa Cranmer kunali kopepuka, popeza anali kudzafabe. Koma munthu wopita ku moto amafuna womtonthoza, ndipo tsikulo akadangowerenga kalata yace akadafa pakati pa ansembe omuyamika ndi kumpempherera. Iye anataya citonthozo cimeneco, nasankha kufa alikutukwanidwa, atabvomereza pamaso pa khamu kuti anali wamantha. Kubweza kwace koyamba kunali kofuna kugula moyo, ndipo sikunagule kanthu. Kwaciwiri kunalibe malipiro ali onse pansi pano.

M'mbiri imeneyi muoneka zizindikiro za kubweza mau koona. Coyamba, kumalunjika ku cimene munthu acidziwa kuti ncoona, cingakhale cimtayitsa zace. Caciwiri, kumacitika poyera monga momwe colakwaco cinamvekera poyera. Wonamizira mnzace pa bwalo sangakonze mlanduwo ndi kunong'ona kuseri kwa nkhokwe. Cacitatu, wobwezayo amasenza yekha colakwa cace. Cranmer akadatha kuloza ndende, ukalamba, kapena ansembe omnyengerera. Koma analoza dzanja lace. Cacinai, sikufafaniza zimene zinacitika. Makalata 6 aja anasindikizidwa, ndipo amawerengedwabe pamodzi ndi mbiri ya dzanja lija. Frith ndi Joan Bocher sanauke kwa akufa. Madzi otayika saolekadi, koma mwini mtsuko akhoza kubvomereza kuti anawataya ndiye, nabwerera ku citsime.

Malembo asimba za anthu awiri amene anabweza pa masiku a imfa ya Ambuye. Yudase anabweza ndalama 30 zasiliva kwa ansembe akuru, nabvomereza kuti anapereka munthu wosalakwa, koma sanabwerere kwa Iye amene anamlakwira, nataya mtima (Mateyu 27). Petro anakana katatu pafupi ndi moto wa makala, nalira ndi kuwawa mtima, ndipo pambuyo pace, pafupi ndi moto wina m'mbali mwa nyanja, anabvomereza cikondi cace katatu, napatsidwanso nkhosa kuti azidyetse (Yohane 21). Onse awiri anamva cisoni. Kusiyana kwao kunali kwa kumene anamuka naco.

Cranmer sanali munthu wobadwa wolimba mtima. Anagonja kwa Henry kawirikawiri, anagonja kwa Edward, anagonja kwa Mary pa makalata 6. Cifukwa cace mbiri yace iri yothandiza makamaka kwa iwo amene anagwapo: mboni imene inanama poopa wamphamvu, mkuru wa Mpingo amene anabvomereza coipa pa msonkhano kuti asadedwe, Mkristu amene anakana malonjezo a ubatizo wace pa tsiku la mabvuto. Woyesa amanong'oneza otere kuti dzina lao linalembedwa kale pa kalata, ndipo njira yobwerera palibe. Nkhalamba ya ku Oxford inali ndi maora owerengeka okha otsala, ndipo m'maora amenewo inabwerera. Mpingo wa ku England umamkumbukira pa 21 March, tsiku la imfa yace.